Tsitsi la Salome

Chipeso chinakodwanso m'tsitsi, Salome n'kukuwa ngati walumidwa ndi mavu. Teleza anachotsa manja msanga. Sikanali koyamba masana amenewo.

Linali Lamulungu, tsiku lokhalo limene belu la esiteti silinkathamangitsira anthu kumunda wa tiyi. Pakhonde la kanyumba ka udzu, kumalayini a antchito, panali anthu atatu: Amosi, mwana wake wamkazi Salome, ndi Teleza, mkazi amene anafika dzulo lake ndi kamtolo pamutu n'kugona m'nyumbamo. Kwa mwanayo Amosi anangoti kwabwera mlendo. Koma ndi mlendo wanji amene amadzuka n'kusesa pabwalo? Salome anali wamng'ono, inde, koma maso anali nawo.

Amosi analandira chipeso cha nsungwi n'kuonetsanso. Anati tsitsi limeneli silifuna ndewu. Umalipaka kaye mafuta a nsatsi, n'kuyambira kunsonga, kumatsika pang'onopang'ono mpaka pakhungu. Zala zake zinali zokakala ndi mpeni wodulira tiyi, koma m'mutu mwa mwana zinkayenda ngati zikutola mazira.

Luso limeneli sanabadwe nalo ayi. Mayi wa mwana atachoka, Amosi ankangomumeta mpala, ntchito n'kutha. Salome atayamba kuzindikira anakana, poti aliyense wokumana naye panjira ankafunsa kuti kwanu wamwalira ndani. Ndiye bambo wamkulu, ndevu pepeya, anayamba kubisala kuseri kwa nyumba n'kumaluka ulusi wa khonje womangirira pamtengo. Amuna anzake atamupeza anaseka mpaka kugwira nthiti. Mizere yake yoyamba inali yokhota ngati njira ya woledzera, koma mwana anayenda nayo monyada mulayini monse.

Teleza anayesanso. Anagawa tsitsi patatu, zala zikuthamanga, koma ankaligwira momasuka kwambiri, moti akafika kumapeto, koyambira kwamasuka kale. Akati akoke, mwana alire. Thukuta linamutsika m'khosi, ndipo manyazi anamugwira mpaka m'mafupa. Mkazi wathunthu kuphunzitsidwa kuluka ndi mwamuna!

Alesi, wa khomo loyandikana, amene anali atangobwera kumene kuchokera ku dziko la Apwitikizi, anadutsa ndi mtsuko pamutu. Anaima, nayang'ana mutu wa mwana, nayang'ananso mkazi wachilendoyo.

"Musataye mtima, mayi," anatero. "Mwana wa mnzako ngwako yemwe. Adzakuzolowerani."

Ananena mwachifundo, koma mawuwo anamulasa Teleza. Anangoweramitsa mutu mpaka Alesi atapita.

Amosi ankafuna kumuuza mwanayo zoona zake dzulo lomwelo, kuti mlendoyu wabwera kudzakhala. Teleza ndiye anamupempha kuti adikire. Anati amusiye amuluke kaye kamodzi kokha, kuti mwana akamamva nkhaniyo akhale atalandirapo kanthu kabwino kuchokera m'manja mwake. Ankaopa chinthu chimodzi: kuti Salome amukana pamaso pa bambo wake. Ndipo mumtima ankadziwa kuti akamukana, palibe chimene angayankhe.

Tsopano dzuwa linali litapendeka, ndipo m'mutu mwa mwana munali mizere iwiri yokha yooneka. Yonse inali ya Amosi.

"Amayi anga akabwera sadzandipweteka chonchi," anatero Salome, akusisita pakhungu.

Amosi anamuuza kuti akhale chete, koma pakamwa pa mwana pakatseguka palibe chitseko. Salome anafotokoza monyada zonse zimene bambo wake ankamuuza akamalira: kuti mayi ake ali kutali ku Zomba, m'nyumba ya malata ya adona, kuti m'mawa uliwonse amaluka tsitsi la mwana wa mzungu n'kumangirira tinsalu tofiira, kuti mu Zomba monse palibe wowaposa. Anati iye amasunga tsitsi lake lalitali dala, kuti iwowo akadzabwera adzapeze chogwira.

Chipeso chinagwa m'manja mwa Teleza. Amosi anachitola, nachipukuta pa kabudula, namubwezera. Mkaziyo anagwira kachigawo kena pafupi ndi khutu, mosamala ngati akupempha chilolezo. Salome anakoka mutu n'kukakhala pamiyendo ya bambo wake.

"Ababa, ndilukeni inuyo," anatero. Kenako anatembenukira kwa mlendo uja, osamuopa n'komwe. "Inu bwererani kwanu. Mphasa imene mwagonapo ija ndi ya amayi anga."

Kumunsi, m'mizere ya tiyi, nkhungu inali itayamba kukwera. Amosi anamukumbatira mwana wake, koma maso ake anali pa mkazi amene anakhala potero, manja ali pamwendo ngati si ake.

"Basi, zakwana," anatero chapansipansi. "Muuzeni nokha, amake Salome."

Teleza anayang'ana manja ake. Manja amene ankaluka mwana wa mzungu ku Zomba anali omwewa, ndipo tsitsi lomwe ankalidziwa linali la mwana wa mzunguyo basi. Tsiku limene kapitao anadzamutenga kuti akayamwitse mwana wa adona, Salome anali asanayambe n'kukwawa komwe, pamutu pake popanda choti munthu n'kuluka.