Kadizilo Kazima Pachitunda

Ng'ombe ziwiri ndi zimene zinakokera kagalimoto ka a Ernestina mu ofisina yokonzera magalimoto ya a Fatsani ku Tsangano, anthu a pamsika akuonerera. Matumba a kachewere anali atatsala m'mbali mwa msewu, pachitunda pamene kanazimira. Eni ake ankabwera pambuyo, fumbi mpaka m'mawondo, duku litapendekeka ndi ukali.

"A Mesitiri, kasanthuleni konse," anatero kwa a Fatsani asanapereke ndi moni womwe. "Munene pamaso pa anthu onsewa chimene wandigulitsa munthu uyu."

Munthuyo anali Virgílio, mphunzitsi wa pasukulu ya kumtunda, amene Loweruka likudzalo ankayenera kukwatira Célia, chitsirizira wa a Ernestina. Kagalimotoko, kadizilo kakafupi kotsekula kumbuyo, kanali kake zaka ziwiri asanawagulitse. Tsopano anaima patali pafupi ndi mulu wa matayala, chipewa m'manja, monga mkamwini aimira apongozi akamayankhula. Sanatsegule pakamwa.

Kukhala chete kumeneko ndi kumene kunawapsetsa mtima kwambiri. Munthu wosalakwa amadzikanira.

Pa za galimoto a Ernestina sanali munthu woti n'kumuphimba m'maso. Malemu amuna awo anayendetsa lole zaka makumi awiri, ndipo chiwongolero anachiphunzirira m'manja mwawo. Tsiku logula anafika mbandakucha osatumiza mawu, poti wogulitsa wochenjera amayamba watenthetsa injini kuti matenda abisale. Anaigwira ndi dzanja, inali zii. Atakaliza anaima kumbuyo n'kuyang'ana utsi: wobiriwira ndiye kuti kakudya olyo, woyera wosatha ndiye kuti madzi akulowa posayenera. Anatsegula chivundikiro cha olyo kufuna thovu longa chambiko, osalipeza. Anafunsa tsiku limene lamba wa injini anasinthidwa. Anakakweza chitunda cha kutchalitchi kuti amve ngati kakulira likhweru kapena kunjenjemera posintha magiya. Konse kanapambana.

Koma chisanu cha Junyu chitangolowa, zinayamba. Kanyali kachikasu kanayaka osazimanso. M'kati munayamba kununkha dizilo. Kenako kutsokomola, kenako lero.

Ndiye kuti chinyengocho chinali chakuya, choposa maso awo. Zimenezi ndi zimene sakanakhululuka.

Célia anafika akuthamanga, chitenje chili m'manja. "Amayi, chonde, anthu akumva."

"Amve! Ndawaitana dala. Munthu wonamiza apongozi asanalowe m'nyumba, akalowa adzatisiyira chiyani? Ankhoswe ndawatumizira kale mawu kuti asagule ndi mchere womwe. A Mesitiri akangopeza chobisika, ukwati palibe. Puronto, zatha!"

"Nanga mwina ndi kasamalidwe..."

"Kasamalidwe ka ndani? Iwe, usandilaule. Dizilo ndimathira wa pabomba, pomwetsera mafuta penipeni, osati wa m'mabotolo wosakaniza ndi palafini uja. Usiku ndimakafunditsa lona. Ndani kwathu konse kuja amene amadzuka nkhuku zisanatsike kukasamala galimoto ngati ine? Iweyo ndinakusamala chonchi?"

Wina m'gulumo anaseka, koma atamuyang'ana anameza kusekako.

A Fatsani anatsegula kutsogolo, nagwiragwira, nanunkhiza zala. Kenako anayala katoni pansi n'kulowa chagada, kungotsala mapazi. Panapita nthawi. Kunkamveka sipanala basi, ndi ng'ombe zija zikupumira m'mwamba.

A Ernestina ankayendayenda uku ndi uku. Ankaona kale mmene akabwezere nsalu yaukwati kwa atelala, ndi mmene akayankhire azimayi a kutchalitchi. Mwana alira, inde. Kulira kwa mlungu umodzi n'kwabwino kusiyana ndi kwa moyo wonse.

Pomaliza a Fatsani anatuluka, atanyamula chipulasitiki chakuda chokwinyika ngati chikopa chowamba, mawaya atamatirira pamenepo.

"Ehee! Si izi!" A Ernestina anachilanda n'kuchikweza m'mwamba kuti onse aone. Anaiwala ndi mwambo womwe, nalunjika kwa mkamwini maso ndi maso. "Virgílio, ndikunena iwe! Zowola izi unazibisa bwanji? Yankha!"

Azimayi ena anagwira pakamwa. Virgílio anayang'ana pansi.

"Ndamva, amayi," anatero.

Célia anayamba kulira. A Ernestina anatembenuka kuti alengeze zimene anabwerera, koma a Fatsani anawagwira mkono.

"Dikirani, a Dona. Izi sizinawole, zapsa. Ndipo moto wake sunachokere mu injini, wachokera pansi. Kapaipi ka dizilo kafewa n'kung'ambika, kakuyamwa mpweya, n'chifukwa chake kagalimotoka kakuzima. Onani m'zala mwangamu." Anatambasula dzanja. Munali phulusa. "Awa ndi makala. Ndani akumakoleza moto pansi pa karo iyi?"

A Ernestina anatsitsa chipulasitiki chija. Chiyambire chisanu, m'mawa uliwonse ankakankhira mbaula pansi pa injini kuti ifunde, monga ankachitira malemu ndi lole yawo yachitsulo chokhachokha.

"Mbaula muziotha nokha, mayi," anatero a Fatsani akupukuta m'manja. "Aka mukapotoza kiyi, muzidikira kanyali kena kopindikapindika kaja, kotenthetsa injini, kazime, kenako muzikaliza, basi. Ndipo anthu mwawaitanawa asanabalalike, auzeni ndi pakamwa pomwepo kuti pano palibe wakuba."