Mphika Wachitatu wa Njiri

Padangokhala Njiri ndi Nungu, akatswiri oyenga mafuta a nsatsi. Nyama za kutsidya zinkawoloka mtsinje kudzagula mafutawo ndi madengu a mapira.

Tsiku lina Nungu anati, "Achimwene, mafuta akachuluka amapeputsidwa. Aliyense aziyenga miphika iwiri yokha. Wachitatu tiuvundikire, udikire tsiku la mavuto."

Anagwirizana. Koma Njiri akayang'ana mphika wovundikirawo, mtima unkamuwawa. "Mphika wogona sudyetsa ana," anatero, n'kukauteleka kuseri kwa chulu.

Nungu anaona utsi wachitatu ukufuka, minga yake yonse inaima. Sanafunse n'komwe, nayenso anateleka wake. Mafuta anasefukira, mpaka Mvuu ankatenga nsupa yodzaza posinthana ndi chitsononkho. Awiriwo anangowonjezera nkhuni, aliyense kuopa kutsalira.

Kenaka mwera unawomba, chisanu chinang'amba mapazi a nyama zonse. A kutsidya anafika akutsimphina. "Vundukulani miphika yapadera ija, ana athu akuchucha magazi!"

Kunalibe chovundukula. Miphika inali itang'aluka ndi moto, nsatsi zitatha, ngakhale zambewu. Alendowo anawolokanso chimanjamanja, ndipo sanabwerenso.

"Mukanandidzudzula, achimwene," anatero Njiri.

"Mukanandiuza kuti sizikukwana," anayankha Nungu, maso ali pansi.

Kaphuleni mbatata, koma musayembekeze kuti Njiri adya nanu. Mpaka lero ali mbuu, thupi losadzola, akuyenda chogwada kufunafuna nsatsi imodzi yokha yoti adzale.