Liwiro Loti Munthu N'kumalankhula

Ljubinka anamukoka malaya mwamuna wake onse awiri ali mkati mothamanga m'mbali mwa mtsinje wa Danube.

"Radomir, adokotala anati chiyani? Muzithamanga liwiro loti n'kumalankhula. Mukangoti zii, ndiye kuti mtima wagunda mopyola. Lankhulanitu, akulu inu."

Chimuchitireni opaleshoni ya mtima Radomir, lamulo lomuvuta linali limeneli. Zaka makumi anayi m'banja, bamboyu pakamwa pankamulemera.

Anachepetsa liwiro. Anatchula mitengo, anatchula mabwato, zonena n'kumuthera.

"Mwayambanso kuti zii," anatero Ljubinka.

"Kuchipatala kuja sindinkaopa imfa," anatero Radomir, akupuma bwinobwino, maso ali kutsogolo. "Ndinkaopa kuti khofi wam'mawa muzidzamwa nokha."

Amene anaima, mpweya utamuthera, anali Ljubinka.