Piritoni wa M'denga

Lonia anali kuswa nshawa pakhonde pamene wailesi inanena kuti madokotala akunja akuyesa mankhwala a ziwengo, timapilitsi wamba tija, kuti aone ngati tingathandize odwala khansa ya m'mapapo. Wolengeza anati sizinatsimikizike, akali kufufuza.

Manja a Lonia anaima.

"Mwamva, alamu?" anatero Fyness, mlongo wa malemu mwamuna wake. "Matenda omwe aja anatenga achimwene. Si piritoni akunenayo? Paja iwo ankamwa ameneyu thonje likawayabwa."

"Ankamwa."

Lonia sanayang'ane kumwamba, koma ankadziwa malo ake. Pamwamba pa chitseko, mu udzu wa denga, munali kapepala ka timapilitsi ta kukiliniki komwe anatsomekamo chaka chatha. A Yosiya, amuna akewo, akamwa timapilitsito ankagona mpaka dzuwa pamutu, thonje likuyera kumunda popanda wotola. Tsiku lina Lonia anangotibisa. Iwo anafunafuna uku akutsokomola, ndipo anamufunsa kawiri. Iye anati mwina ana anataya. Sanafunsenso.

"Akuti sizinatsimikizike," anatero Lonia.

"Aa, za pawailesi! Mawa adzati nshawa zichiritsa dazi." Fyness anaseka, kenaka anapukuta m'maso ndi nsonga ya chitenje. "Koma ife tinayesa, alamu. Kuboma tinapita, ku Chipata tinapita. Chilipo chimene tinawamana achimwene?"

Fyness naye anasiya kuswa, akudikira yankho.

Lonia anatola nshawa ina n'kuiswa.

"Palibe," anatero.