Njinga ya Nkhuni

"Mukhala m'gulu lachitatu," anatero mayi wa inshulansi ya moyo. "Lolipira zambiri pamwezi."

Ndinayang'ana amalume anga a Japhet, omwe anandibweretsa kuti ndikadzamwalira amayi anga asadzavutike. Iwo, ndi chimimba chawocho, ali m'gulu lotsika mtengo.

"Koma adokotala ati ndilibe matenda," ndinanong'ona.

"Mwanena nokha kuti mumatsika phiri la Zomba panjinga, nkhuni zitaunjikana kumbuyo, mabuleki ndi chidendene."

Ndinanena zimenezo kuti aone mphamvu zanga. Amalume ndi amene anandilangiza tili m'njira.

"Ndiye ndikasiya njingayo?"

"Mtengo utsika, achimwene."

"Nanga ndizilipira ndi chiyani?"

Mayiyo anayang'ana amalume. Amalume anayang'ana kunja, kuphiri.