Fomu ya Dalaivala

Namwino wamkulu anayang'ana dzanja la dalaivala ngati amupatsa chisanza chokolopera. Zikhadabo zakuda bii, oyilo mpaka m'mizere ya chikhatho. Munthu wobwera kudzayezetsa thupi, koma sopo osamudziwa!

Bamboyo ankangofuna chidindo pa fomu yake. Kampani ya mabasi inali itamuuza kuti ayamba ntchito Lolemba ngati achipatala atsimikiza kuti thupi lake lili bwino. Anali atakhala pakhomo chaka ndi miyezi iwiri, akudya thukuta la mkazi wake.

Anthu oterewa namwinoyo ankawadziwa ngati ndalama. Zaka makumi awiri m'chipinda chomwechi, ndipo aliyense wolowa ndi fomu amasanduka mngelo: samwa, sasuta, amagona nthawi yabwino. Bodza lokhalokha.

Sanafune kudzidetsa. Anapinda zala zinazo, n'kukanikiza chala chachikulu chokha pamkono wa bamboyo, maso ali pa wotchi.

Gu, gu, gu, kenako zii. Gugugu, ziinso. Namwino anamwetulira mwachipongwe.

"Bambo, mtima wanu ukudumpha."

"Wanga, asisita? Inetu sindimva kalikonse."

"Nonse mumatero. Tamverani, mwina muphunzirapo. Mtima kudumpha kamodzikamodzi si matenda. Zimachitika munthu ukatopa, ukasowa tulo, kaya ukachulutsa khofi, ndipo zimatha zokha. Koma wanuwu ukudumpha kambirimbiri motsatizana. Zikafika apa, n'kuphatikizapo chizungulire, kubanika, kupweteka pachifuwa kapena kukomoka, munthu amafunika chithandizo, osati chiwongolero."

"Chizungulire ine sindinachimvepo."

"Mudzachimvera pamsewu, mutanyamula ana a eni ake."

Dalaivala anavula kapusi n'kuyamba kuipotokola m'manja. Anati ana ake awiri anasiya sukulu, ndipo mwayi ngati uwu sudzabweranso. Namwino anatsegula kabati n'kuponyamo chidindo. Misozi ya abambo akuluakulu inkamunyansa kuposa mabala. Pakona ya fomu analemba ndi inki yofiira kuti mtima sukugunda bwino.

Lamulo linkati fomu yokanidwa aione kaye dokotala. Analowa dokotala wina wongofika chaka chatha, amene namwino kumbali ankamutcha Kabuku, poti chilichonse mpaka afunse mabuku ndi makina. Anawerenga inki yofiirayo, n'kuuza dalaivala kuti avule malaya agone pabedi. Anamumata timawaya ta makina ojambula kagundidwe ka mtima pachifuwa, m'mikono ndi m'miyendo.

Namwino anapinda manja. Kutaya nthawi! Iye anayamba kugwira mikono ya odwala Kabuku asanamere n'komwe mano.

Makina analavula pepala lalitali. Dokotala analiyendetsa m'zala kuyambira koyamba mpaka kumapeto. Anajambulanso kachiwiri. Kenako anamvetsera pachifuwa pa bamboyo kwa mphindi yathunthu.

"Asisita, tandionetsani mmene munamugwirira."

Namwino anatsonya chapansipansi, nakanikizanso chala chake pamkono wa oyilo uja. "Si uwu? Wadumphanso. Makina anuwo ndiwo akudwala."

Dokotala anatsegula kabati, natulutsa chidindo, nachimenya pa fomu kuti pha! Dalaivala anailandira ndi manja awiri, nathokoza katatu, natuluka mabatani a malaya ali osamanga.

"Mtima wa bambo aja ulibe vuto," anatero dokotala atatseka chitseko. "Chala chachikulu chili ndi mtsempha wakewake, asisita. Mtima umene mumawerengawo ndi wanu. Chizungulire chinakuyambani liti?"

Namwino anayang'ana chala chakecho. Anali atagwira kale m'mphepete mwa tebulo kuti asagwe, monga ankachitira masabata atatu onsewa.