Charger Yakale ya ku Jebel Ali

Thumbiko anali chigonere kunsi kwa galimoto yakuda, akupukuta oyilo wodontha, pamene bwana wamng'ono analowa m'shedi foni ili kukhutu. Bwanayo sanaone miyendo imene inatulukira kuseri kwa tayala. Thumbiko anameza chifuwa chimene chinkamukanda pakhosi n'kukhala zii. Bwana ankalankhula Chingelezi chosakaniza ndi Chiarabu, moti Thumbiko anangotolako apa ndi apo: zakale zija zakwana, khalas, basi zatha, m'mawa uliwonse n'kutsokomola kokhakokha, Lolemba kubwera chatsopano.

Bwana atatuluka, Thumbiko anakhalabe pansi pomwepo, nsanza ili m'manja.

Galimotoyo inali Dodge Charger ya 1969. Anaigula ndi malemu bwana wamkulu, bambo ake a ameneyu, munthu amene anamuchotsa Thumbiko pa ulonda wa pageti n'kumupatsa makiyi a shedi yosungiramo magalimoto ake ku Jebel Ali, pafupi ndi doko, kudziko la Aarabu. Ndi iwo amene anamuphunzitsa kuidzutsa: kuponda mafuta pang'ono, kudikira, kutembenuza kiyi, kuilola kuti itsokomole mpaka mawu ake akhazikike. Ikakhazikika, malata a shedi ankanjenjemera, ndipo kugunda kwa injini unkakumvera m'nthiti. Thumbiko anameretsa imvi ali pambali pa galimoto imeneyi.

Malemuwo atangoikidwa m'manda, mwana wawo anabweretsa yakeyake: Charger ya masiku ano, yofiira, yoyendera batire. Goodwell, mlonda wa pageti wochokera ku Chipata, ankaitama kosalekeza. Ankati imeneyi ndiye galimoto, ukangodina yadzuka, m'kati mozizira ngati m'firiji, ndipo pamsewu wa ku Abu Dhabi yakale ija singaione n'komwe. Thumbiko ankangoyankha kuti galimoto imene kubangula kwake kumachokera m'masipika ndi wailesi yovala matayala. Ankatsutsana choncho nthawi ya tiyi, kenako n'kuseka.

Tsiku limene anamva za pafoni zija sanaseke. Atamufotokozera Goodwell zimene anamva, mnzakeyo anati n'zosadabwitsa, ana a masiku ano sasunga za makolo, ndipo shedi yadzaza. Yatsopano ikabwera, ina iyenera kuchoka.

Nkhaniyi inamudya mtima Thumbiko. Ankadziwa kumene magalimoto otere amathera. Ena amagulidwa ndi anyamata ofuna kujambulitsa zithunzi, miyezi ingapo n'kuwasiya padzuwa, penti n'kusuwa, mipando n'kung'aluka. Ena amaphwasulidwa kuti zitsulo zake zikapulumutse galimoto ina. M'basi ya kampani pobwerera kogona ankangoyang'ana pawindo, ndipo anzake a m'chipinda anayamba kufunsana ngati kumudzi kwagwa zovuta.

Lachisanu analimba mtima. Anamupeza bwana wamng'ono ataima pakati pa magalimoto awiriwo, ndipo anavula chipewa.

“Bwana, ndinamva zimene munanena pafoni,” anatero. “Chinthu chikakalamba sindiye kuti chatha ntchito. Kutsokomola kwa m'mawa kuja n'kwakanthawi. Dzuwa likakwera zonse zimayenda bwino, inunso mwaona.”

Bwanayo anasintha nkhope. Anayang'ana pansi, n'kumaseweretsa foni m'manja. Anafunsa ngati wamva zonse, Thumbiko n'kuvomera ndi mutu.

“Bambo anga sakanalola, ndikudziwa,” anatero bwanayo motsitsa mawu. “Koma nkhaniyi yatha kale. Pepa, habibi, m'bale wanga.”

Anamusisita paphewa n'kutuluka mofulumira, ngati munthu amene waiwala china chake m'galimoto.

Lolemba Thumbiko anafika ndi basi yoyamba. Mumtima anati ngati galimotoyo ikupita, ipite ikuwala. Anaitsuka, anaipaka polishi, anapukuta zitsulo zonyezimira za kutsogolo mpaka anadzionera nkhope. Kenako anakhala pa chiwongolero n'kuidzutsa monga anaphunzitsidwira. Inatsokomola, inadodoma, kenako inabangula, fungo la petulo n'kudzaza shedi. Anaisiya ikulira kwa kanthawi, manja ali pa chiwongolero, akuganiza zimene akamuuze woyendetsa lole yodzainyamula: kuti asaikoke ndi chingwe, kuti giya yoyamba imafuna ulemu, kuti mwini watsopanoyo asamaisiye panja.

Atazimitsa injini anakaima pakhomo la shedi kudikira loleyo. Dzuwa linakwera. Malole a makontena ankadutsa kulowera kudoko, koma palibe imene inakhotera pageti pawo. Goodwell, amene masiku onse ankakuwa moni ali patali, tsiku limenelo anangokhala m'kanyumba kake ka ulonda, maso kumbali.

Imene inaima pageti inali basi ya kampani. Munatsika bambo mmodzi wa mapewa otambalala, atavala ovololo yatsopano ya mtundu womwewo ndi ya Thumbiko. Goodwell anamulozera ku shedi osatuluka m'kanyumba kaja.

Mlendoyo anafika akumwetulira, napereka moni wa manja awiri m'Chichewa cha ku Lilongwe. Anati dzina lake ndi Khumbo. Maso ake anali kale pa Charger yakuda ija.

“Ndiye imeneyi eti? Bwana akuti ndi chuma cha bambo awo, sidzagulitsidwa mpaka kalekale,” anatero. “Ndinu a Thumbiko, si choncho? Andiuza kuti mundiphunzitse kasamalidwe kake musanakwere ndege yobwerera kumudzi Lachinayi.”